Phunziro 14: Uthenga wafika pa foni

Tiyeni tikambirane

Uthenga umayenda m'njira zambiri. Ng'oma ikalira, mudzi wonse umamva. Mfumu ikafuna msonkhano, imatuma mthenga. Kalata imacokera kutali. Wailesi imalankhula m'nyumba zambiri nthawi imodzi. Foni imabweretsa mawu ndi zithunzi kudzera pa intaneti.

Kodi kwanu uthenga umafika bwanji?

Tiyeni tiwerenge

Cikondi amakhala ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Abambo ake amalima mbatata ya kacewere. Lero akumba matumba 8. Mawa akufuna kukagulitsa ku Tete.

Madzulo foni ya amayi yalira. Pabwera cithunzi ca mlatho wothyoka. Pansi pake palembedwa kuti mlatho wa Revubwe wagwa, anthu asayende, ndipo uthengawu autumize kwa onse.

Amayi ada nkhawa. Njira ya ku Tete imadzera pa mlatho umenewo.

"Abambo a Cikondi, taonani," atero amayi. "Mbatata ija iwolera m'matumba. Ndalama ya sopo ndi mcere tiipeza kuti?"

"Amayi, tumizani msanga kwa azakhali!" atero Cikondi.

"Dikira, mdzukulu wanga," atero agogo. "Safunsa anadya phula. Wanena zimenezi ndani?"

Cikondi ayang'ana pa foni. Palibe dzina.

"Nanga zacitika liti?"

Cikondi ayang'ananso. Palibe tsiku.

"Nanga waona ndi maso ndani?"

Onse akhala cete.

Abambo atsegula wailesi. Amvera nkhani za m'Cinyanja pa Rádio Moçambique ya ku Tete. Za mlatho sizinanenedwe. Kenaka aimbira foni amalume a Cikondi, amene amakhala ku Moatize, pafupi ndi mtsinje wa Revubwe.

"Alamu, kodi mlatho wagwa?"

"Iyayi alamu, ndawolokapo masana ano. Cithunzi cimeneco ndi cakale. Ndi ca mu Januwale 2022, pamene mphepo yamkuntho ya Ana inadzaza mtsinje. Mlatho unagwadi, koma anaukonza."

Amayi afufuta uthenga uja. Sanautumize kwa munthu aliyense. M'mawa abambo akweza matumba pa galimoto. Apita ku Tete.

Tikumbukire

Cithunzi cinali ceniceni, koma uthenga unali wabodza. Tisanatumize uthenga kwa ena, tifunse mafunso atatu:
1. Wanena ndani?
2. Zacitika liti?
3. Waona ndi maso ndani?

Tiyankhe mafunso

1. Kodi abambo a Cikondi amalima ciyani?
2. Pa foni panabwera cithunzi ca ciyani?
3. Agogo anafunsa mafunso angati?
4. Abambo anaimbira foni ndani? Cifukwa ciyani?
5. Cikanacitika n'ciyani abambo akanakhulupirira uthenga uja?

Tiwerenge mawu awa

u-the-nga, uthenga
fo-ni, foni
ka-la-ta, kalata
wa-i-le-si, wailesi
bo-dza, bodza

Tisewere

Khalani mozungulira. Aphunzitsi anong'oneze mwana woyamba mawu awa: "Mbuzi ya agogo yabereka ana awiri." Mwana aliyense anong'oneze mnzake. Womaliza anene mokweza zimene wamva. Kodi mawu afika bwino? Asintha pati?

Tijambule

Jambulani zinthu zitatu zimene zimabweretsa uthenga kwanu. Lembani dzina pansi pa cinthu ciliconse.

Kwa makolo

Werengani nkhaniyi pamodzi ndi mwana wanu. Mufunseni mafunso atatu a agogo mpaka awaloweze.

Pa wailesi ndi m'nyuzipepala muli anthu odziwika amene amayankha mlandu akanena zabodza. Pa WhatsApp ndi Facebook munthu aliyense atha kulemba zimene wafuna. Cithunzi cakale cimatha kubwera ngati ca lero. Cithunzi ca dziko lina cimatha kubwera ngati ca kwathu. Masiku ano kompyuta imatha kupanganso cithunzi kapena mawu a munthu, zinthu zimene sizinacitike n'komwe.

Uthenga umene ukukufulumizitsani, kapena kukuopsezani, muukayikire. Nkhani ya matenda kafunseni ku cipatala. Nkhani ya sukulu kafunseni aphunzitsi. Nkhani ya mvula ndi madzi osefukira mverani pa wailesi ndi kwa atsogoleri a dera lanu. Koma cenjezo la madzi osefukira likabwera, yambani mwacoka m'mbali mwa mtsinje, mufunse muli pamalo okwera.

Wina akalemba kuti mutumize ndalama pa nambala yacilendo, yambani mwaimbira m'bale wanuyo pa nambala imene mukuidziwa. Nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni musauze munthu. Mwana naye mumuuze kuti asapereke dzina lake, cithunzi cake kapena malo amene amakhala kwa munthu wosamudziwa. Akaona coopsa pa foni, abwere adzakuuzeni, ndipo musamukalipire.