PHUNZIRO LA MWEZI UNO: NJINGA YAMOTO IMENE YAKHALITSA OSAYENDA

Ambiri a inu amene muli ndi njinga zamoto, zimene ena azitcha mthuthuthu, mumaziika m'nyumba mvula ikamanga, popeza misewu ya kumudzi imaterera ndipo mitsinje imadzaza. Ena asiya njinga chifukwa cha matenda kapena ulendo wakutali. Tsono tsiku limene mwini wake aifuna, kapena usiku umene mayi wodwala afunika kupita naye kuchipatala, njinga ija ikana kulira. Ikalira ingotsokomola, ninjenjemera, nizima. Pamenepo munthu aganiza kuti injini yafa, nagulitsa mbuzi kuti alipire amakaniko.

Koma taonani, njinga imene inali kuyenda bwino tsiku loiika, kawirikawiri injini yake ilibe chifukwa. Cholakwa chimakhala m'njira ya petulo. Mlimi akaona kuti madzi sakufika m'dimba, sayamba n'kukumba dimba lonse ayi. Apita kumene ngalande yayambira, natsata pang'onopang'ono kufikira apeza pamene patsekeka. Inunso chitani chomwecho. Njira ya petulo ndi iyi: thanki, kampopi ka pansi pa thanki, paipi, kabuleta, ndipo potsiriza injini. Zimene tinena pano ndi za njinga zokhala ndi kabuleta, monga zing'onozing'ono zambiri za m'midzi mwathu. Zina zatsopano zimapopa petulo ndi magetsi ndipo zilibe kampopi kotere.

CHIMENE CHICHITIKA PETULO AKAKHALITSA

Petulo sali ngati mchere umene usungika chaka ndi chaka. Mbali yake yopepuka, imene imayaka msanga, imauluka. Chotsalacho chimada, chimanunkha ngati penti wakale, ndipo chimasiya zomata zonga ulimbo. M'kabuleta mumakhala petulo wochepa, wosadzaza ndi kapu yomwe, chotero amauma msanga, ndipo ulimbo uja utseka timabowo take.

Chinanso ndi madzi. Kuyambira chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol. Petulo wotere ayendetsa njinga bwino akakhala watsopano, koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Akakhala miyezi yambiri m'thanki, madzi adikha pansi, pakuti ndi olemera koposa petulo, ndipo chitsulo chichita dzimbiri.

CHENJEZO

Gwirani ntchitoyi panja, masana, injini itazizira. Pasakhale mbaula, koloboyi kapena munthu wosuta fodya pafupi, ndipo ana akhale patali. Musayamwe petulo ndi pakamwa. Ikani chidebe cha mchenga pambali, chifukwa moto wa petulo suzima ndi madzi, madzi angoumwaza.

CHOYAMBA: THANKI

Tsegulani chivundikiro, mununkhize, nimuyang'ane m'kati ndi tochi, osati ndi machesi. Petulo akakhala wofiirira kapena wa fungo lachilendo, mukhuthuleni yense, musamusakanize ndi watsopano pofuna kupulumutsa ndalama. Mukaona dzimbiri, chotsani thanki, muthiremo petulo watsopano pang'ono pamodzi ndi manati angapo, mukhutchumule kwambiri, nimutsuke kufikira wotulukayo ayera. Werengani manatiwo kuti asatsalemo.

Pa chivundikiro pali kabowo kolowetsa mpweya pamene petulo akutsika. Kakatsekeka, njinga iyenda pang'ono n'kuzima monga yatha petulo, ndipo mukatsegula chivundikiro ilira bwino kachiwiri. Mukaona zotere, tsukani kabowoko.

CHACHIWIRI: KAMPOPI KA PETULO

Pa kampopi pamalembedwa mawu atatu. OFF ndiko kutseka. ON ndiko kutsegula. Apa petulo alowa kudzera m'kachubu kotalika koimirira m'thanki, chotero wa pansi penipeni sakhudzidwa. RES ndiko kutunga petulo wa pansi uja, amene asungidwa kuti akufikitseni kogula wina. Dziwani kuti pansipo ndi pamenenso madzi ndi dzimbiri zidikha.

Kuyesa kampopi nkosavuta. Katembenuzireni pa OFF, muzule paipi ku kabuleta, nimuiloze m'botolo loyera. Tsono yesani ON, pambuyo pake RES, m'thanki muli petulo wokwanira.

Petulo akatuluka mosalekeza pa zonse ziwiri, kampopi kali bwino. Akamangodontha, kasefa ka m'kati katsekeka. Akatuluka pa ON pokha, zinyalala za pansi zatseka njira ya RES. Akapitiriza kudontha muli pa OFF, mphira wa m'kati wauma kapena wang'ambika. Siyani botolo lija likhazikike kanthawi. Ngati muli madzi muwaona pansi, atapatukana ndi petulo.

Kuti mukonze, khuthulani thanki, mumasule kampopi, mutsuke kasefa ndi petulo watsopano ndi kamswachi kakale. Timipopi tambiri tili ndi kakapu kunsi kogwira zinyalala, kamasuleni nako. Mphira wouma sakonzeka. Gulani wina, ndipo akasowa gulani kampopi kathunthu, pakuti mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi njinga yopsa ndi moto. Pobwezera musamange mopitirira muyeso, chitsulo chake n'chofewa. Yang'ananinso paipi, ikauma kapena kuchita ming'alu, ikani ina yopangidwira petulo.

Pali mtundu wina wa kampopi umene upezeka pa njinga zina za Suzuki ndi Yamaha, ndipo wasokoneza anthu ambiri. Uwu ulibe OFF. Pamalembedwa ON, RES ndi PRI, ndipo uli ndi mapaipi awiri. Paipi yaing'ono ichokera ku injini. Injini ikamalira imakoka mpweya m'paipimo, mpweyawo ukoka kamphira kopyapyala ka m'kampopi, ndipo petulo ayamba kutsika. Injini ikazima kampopi kadzitsekera kokha. Chotero mukayesa pa ON injini ili chete n'kuona kuti sipatuluka kanthu, musati kafa, ndimo kanapangidwira. Njinga yotere ikakhalitsa, kabuleta ikhala youma, ndipo mutha kuponda kiki mpaka thukuta osaphula kanthu. Ikani pa PRI kwa mphindi imodzi kuti petulo atsike yekha, muilize, nimubwezere pa ON. Musaisiye pa PRI usiku. Mukazula paipi yaing'ono ija n'kupezamo petulo, kamphirako kabooka, ndipo injini ikumwa petulo wosayezedwa. Ndicho chifukwa chake itulutsa utsi wakuda ndi kudetsa pulagi.

CHACHITATU: KABULETA

Kunsi kwa kabuleta kuli kambale kosungira petulo, ndipo pansi pake pali kasikuluwu kokhetsera. Kamasuleni pang'ono kuti petulo wakale ndi madzi zituluke, mukamangenso petulo woyera akayamba kubwera. Njinga zambiri zichira pomwepa.

Ikapanda kuchira, mvetserani kaliridwe kake. Ikalira choko chili chotseka, koma n'kuzima mukangochitsegula, kapena ikazima mukasiya kukoka moto, dziwani kuti jeti yaing'ono yatsekeka. Jeti ndi kachitsulo ka mkuwa koboola pakati, koyeza petulo wolowa mu injini. Bowo la yaing'onoyo silifika ndi theka lomwe la milimita, chotero ulimbo pang'ono ulitseka. Ikalira bwino itaima koma n'kufooka pokwera chitunda, yang'anani jeti yaikulu, kapena petulo safika wokwanira kuchokera ku kampopi.

Tsekani kampopi, muchotse kambale, mumasule majeti ndi sikuludilaiva yokwana bwino. Aviikeni m'mankhwala otsukira kabuleta, nimuwapope ndi pampu ya njinga yakapalasa kufikira kuwala kuoneka m'bowo. Musatokose ndi singano kapena waya wachitsulo. Bowo likakula, njinga idzamwa petulo wambiri masiku ake onse. Yalani nsalu yoyera, muike zitsulo m'ndondomeko imene mwazichotsera. Pa mbali ya kabuleta pali masikuluwu osinthira kaliridwe, musawapotoze mwachisawawa. Njinga inali bwino ndi masikuluwu omwewo musanaiike. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'kambale muja mulinso choyandama, chimene chimakankha kamsomali kotseka petulo kambale kakadzaza. Kamsomalika kakamatirira, petulo asefukira pansi, kapena salowa konse. Gogodani kambale pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludilaiva. Zikapitirira, kachotseni mukatsuke, ndipo nsonga yake ikakhala yodyeka gulani kena.

CHACHINAYI: MPWEYA, PULAGI NDI OYILO

Injini ifuna mpweya monga ifuna petulo. Njinga ikakhala m'nyumba, makoswe amanga zisa m'bokosi la sefa ya mpweya, ndipo mavu aumba dothi m'timabowo ndi m'ekizozi. Tsegulani muone. Mphira wolumikiza kabuleta ndi injini akang'ambika, mpweya ulowa wambiri ndipo injini ilira mokwera ndi motsika yokha.

Masulani pulagi, muone nsonga yake, pakuti ndiyo mboni. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo wachuluka kapena mpweya wachepa. Ikayera mbuu, petulo wachepa, ndipo injini itentha kwambiri. Musayende nayo ulendo wautali. Ikaoneka yofiirira pang'ono, zinthu zili bwino. Pa njinga zing'onozing'ono zambiri mpata wa pa nsonga ya pulagi ndi mamilimita 0.6 kufikira 0.7, koma buku la njinga yanu ndilo linena zenizeni.

Potsiriza nunkhizani oyilo wa mu injini. Kampopi kodontha pamodzi ndi kamsomali komatirira zimalola petulo kutsikira mu injini miyezi yonse imene njinga yaima. Oyilo akachuluka kuposa muyeso wake nanunkha petulo, musailize njingayo musanathire wina, chifukwa oyilo wotere sateteza zitsulo. Apa ndi pamene injini imene inalibe chifukwa imafera m'manja mwa mwini wake.

Mukachita zonsezi koma njinga ikanabe, kapena mukamva kugogoda kwa zitsulo m'kati, lekani, mupite nayo kwa amakaniko odziwa ntchito. Auzeni zimene mwayesa kale. Safunsa anadya phula.

POIKA NJINGA CHAKA CHINO

Tsekani kampopi, muilize injini kufikira izima yokha, ndipo ikazizira mukhetse petulo wotsala m'kambale. Ngati ikhala mwezi umodzi kapena iwiri, dzazani thanki kuti chinyezi chisapeze malo. Ngati ikhala koposa apo, ndi bwino kukhuthula petulo yense, thanki ikhale youma ndi yotseka. Chotsani batire, mutseke ekizozi ndi kansanza, ndipo njinga ikhale pouma, kutali ndi moto wa kukhitchini. Koposa zonse, ngati nkotheka, iyendetseni kamodzi pa masabata awiri kufikira injini itatentha.

MAFUNSO

Aphunzitsi angathe kukambirana mafunso awa ndi ana a makalasi apamwamba, ndiponso ndi eni njinga a m'mudzi.

1. Tchulani malo asanu amene petulo adutsa, kuyambira ku thanki.
2. N'chifukwa ninji madzi ndi dzimbiri zivuta kwambiri kampopi kakakhala pa RES?
3. Njinga ilira choko chili chotseka chokha. Chatsekeka n'chiyani?
4. N'chifukwa ninji sitisiya kampopi pa PRI usiku?

Sungani tsamba ili pamodzi ndi zida za njinga yanu, ndipo muwerengereko anzanu amene sadziwa kuwerenga.