Fakitale ikakula, wa geni apindula bwanji?

Wogulitsa pa msika wa Kabudula kapena wa Nsaru angaganize kuti nkhani ya mafakitale otumiza katundu kunja ndi ya mabwana a m'tauni. Koma zochitika ku Kanengo zimafika mpaka m'thumba mwake.

Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2013 adapeza kuti mwa anthu 100 ogwira ntchito m'Malawi muno, 89 ali pa ntchito zosalembedwa m'kaundula, monga geni ndi ganyu. Fakitale ikakula imalemba anthu, koma ochepa poyerekeza ndi khamu limeneli. Ambiri amapindula cha m'mbali.

Chitsanzo ndi fodya. Limbe Leaf ndi Alliance One amakonza fodya ku Kanengo asanamutumize kunja, ndipo antchito ambiri amawalemba kwa nyengo yokha. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, ndalama zimafika kumudzi. Akabaza, ophika chiimilire ndi ogulitsa kaunjika onse amayenda bwino. Nyengo ikatha, wochotsedwa ntchito amatenga kampamba kake n'kukayala benchi. Ogulitsa amachuluka pomwe ogula akuchepa, phindu n'kutsika.

Msika wakunja nawo sudalirika. Mu 2000, dziko la America lidatsegula msika wake kudzera mu AGOA, ndipo mafakitale osoka zovala ku Blantyre adapeza maoda. Mu 2005, malire a zovala zochokera ku China ndi maiko ena a ku Asia atachotsedwa, maoda adachepa ndipo ntchito zambiri zidatha.

Kwa opikula mtedza ndi soya, fakitale ndi kasitomala wamkulu komanso wosankha. Mtedza wonyowetsedwa kuti usendeke msanga umachita chuku, ndipo ogula akunja amaukana. Wouma bwino ndi wosankhidwa ndiwo umapeza mtengo.

Choncho wamalonda wochenjera amapikula katundu wambiri msika wa fodya usanatsegulidwe, n'kuchepetsa ukamatsekedwa. Sapereka ngongole yaitali kwa wantchito wanyengo. Sadalira kampani imodzi, koma amafunsa mtengo m'malo awiri kapena atatu asanakweze matumba pa galimoto. Mpamba ukachepa, amasonkhana ndi anzake kuti adzaze lole imodzi, chifukwa wobwera ndi matumba 100 amanenerera mtengo kuposa wa matumba asanu.

Zokolola zikayamba kufika pa sikelo, ndiyo nthawi yoikako padera ndalama ya Januwale.