Phunziro la Ulimi: Tsabola ndi Zukini m'Dimba Limodzi

Mabanja ambiri alibe dimba lalikulu. Ali ndi kamalo kochepa kuseri kwa nyumba kapena m'mphepete mwa dambo, ndipo afuna kuti pomwepo patuluke ndiwo za pakhomo ndi zina zogulitsa kuti apeze ya mchere ndi sopo. Tsabola ndi zukini ndi mbewu zimene zikhoza kukhalira limodzi pa malo otere. Komabe alimi ena amene anayesa anangokolola zukini yekha, tsabola atafookera mumthunzi. Phunziro lino lilongosola chifukwa chake ndi njira yake yopewera.

1. Chikhalidwe cha mbewu ziwirizi

Zukini ndi mtundu wa dzungu, koma sayanga monga maungu a kumunda. Akula ngati chitsamba cha masamba aakulu, ndipo zipatso zake, zofanana ndi nkhaka, zithyoledwa zanthete ndi kuphikidwa ndi khungu lomwe. M'masitolo a m'tauni amutcha bebimaro. Makolo a mbewu zonse ziwiri anachokera ku America. Zukini wa masiku ano anasankhidwa ndi alimi a ku Italy m'zaka za m'ma 1800, pamene tsabola anafala mu Africa ndi amalonda a Chipwitikizi.

Zonse ziwiri zifuna dzuwa, dothi la chonde ndi madzi a kawirikawiri, ndipo ziopa chisanu. Zisiyana pa liwiro. Zukini amera patapita sabata limodzi, nayamba kubereka masiku 45 mpaka 55 chibzalire. Tsabola akhala panazale masabata 6, ndipo atawokeredwa alira masiku ena 70 mpaka 80. Zikayamba tsiku limodzi pa malo othithikana, wofulumira aphimba wochedwa. Chifukwa chake lamulo lalikulu ndi ili: tsabola atsogole, zukini atsate, ndipo aliyense akhale ndi malo ake.

2. Nyengo yobzala

M'madera monga Lilongwe ndi Kasungu mlimi afese tsabola panazale yophimbira bwino pakati pa mwezi wa Julayi, nawokere kumapeto kwa Ogasiti, mbande zitachita masamba 4 mpaka 6. Awokere madzulo, dzuwa litapepa. Papite masabata awiri kuti tsabola agwire, ndipo pamenepo abzale zukini. Zukini safuna nazale, pakuti mizu yake siikonda kusunthidwa. Abzale njere ziwiri paphando, zikamera apatulire kuti patsale mtengo umodzi wamphamvu.

Ku malo ozizira monga Dedza mlimi ayembekeze kufikira chisanu chitatha. Ku Chikwawa ndi Nsanje ayambe mu Epulo, popeza kutentha kwa Okutobala kumayoyola maluwa a tsabola.

3. Kayalidwe ka dimba

Bedi la mamita 4 m'litali ndi mamita awiri m'lifupi likwanira banja limodzi. Likhale lokwera pang'ono kuti madzi asadikhe mvula yoyamba ikagwa, ndipo ligone kuchokera kuvuma kunka kuzambwe. Mzere wa tsabola ukhale mbali ya kumpoto, wa zukini mbali ya kumwera. M'Malawi, m'miyezi imene mbande zili zazing'ono, dzuwa lipita chakumpoto, ndipo mthunzi wa masana ugwa kumwera. Motero mthunzi wa zukini ugwera kunja kwa bedi.

Pakati pa mizere iwiriyi pakhale mita imodzi. Mapando a zukini atalikirane mita imodzi, a tsabola masentimita 45. Bedi lotere litenga zukini 4 ndi tsabola 8. Poyamba malo aoneka ngati angotayika, ndipo mtima uuza mlimi kuti awonjeze mapando ena. Akumbuke kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: patangopita mwezi umodzi masamba a zukini adzaza malo onsewo.

Paphando lililonse la zukini athire manja anayi odzaza manyowa owolerana, la tsabola manja awiri. Manyowa aawisi atentha mizu. Tsabola asabzalidwe pamene panali matimati, mbatatesi kapena mabiringanya chaka chatha, pakuti ndi mbewu za banja limodzi ndipo zisiyirana matenda m'dothi.

4. Chisamaliro

Mlimi athirire m'mawa, patsinde, osanyowetsa masamba, ndipo aphimbire bedi ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe. Kuthirira kodumphadumpha kuchititsa zipatso za mbewu zonse ziwiri kuwola kunsonga. Masamba a zukini amene atambalala kufika pa tsabola adulidwe ndi mpeni. Akale amene ayera ngati athiridwa ufa achotsedwenso ndi kutayidwa kutali, pakuti ali ndi matenda.

Mdani wa mbewu zonse ziwiri ndi nsabwe za zomera, zimene zibisala kunsi kwa masamba. Ziyamwa madzi, ndiponso zinyamula matenda opiringiza masamba kuchokera ku zukini kunka ku tsabola. Matendawa alibe mankhwala. Mtengo wogwidwa uzulidwe msanga. Nsabwe zikangooneka, madzi a sopo wochepa owaza madzulo azichepetsa.

Zukini ali ndi maluwa aamuna ndi aakazi pa mtengo umodzi, ndipo duwa lalikazi lidziwika ndi kachipatso kamene kali kumbuyo kwake. Popanda njuchi zonyamula mungu kachipatsoko kachita chikasu ndi kugwa. Tsono asapopere mankhwala m'mawa, pamene maluwa ali otseguka ndipo njuchi zili pa ntchito.

5. Kukolola

Zukini athyoledwe atafika masentimita 15 mpaka 20, masiku awiri aliwonse. Chipatso chosiyidwa kuti chikule ngati dzungu chiletsa mtengo kubereka zina. Maluwa aamuna otsala akoma ngati chiluwe cha maungu. Koma zukini wowawa kwambiri asadyedwe, pakuti adwalitsa m'mimba.

Atabereka mwezi umodzi ndi theka zukini atopa. Mlimi amuzule osachedwa, naunjike pa dzenje la manyowa ngati alibe matenda. Nthawi imeneyo tsabola ali pachimake, ndipo dzuwa ndi madzi onse zikhala zake kwa miyezi ina. Umu ndimo bedi limodzi lidyetsera banja kawiri: zukini abweretsa ndiwo pamene tsabola akukonzeka, tsabola napitiriza pamene zukini watha.

Mafunso

1. Nchifukwa ninji tsabola ayenera kutsogola?
2. Mzere wa zukini ukhale mbali iti, ndipo chifukwa chake nchiyani?
3. Kodi duwa lalikazi la zukini lidziwika bwanji?
4. Mlimi achitenji akaona mtengo wa masamba opiringizika?