Mango Athu Akuoleranji Msanga?

Amayi anzathu, mvula ikayamba mango amadzaza mumsika wa Chilomoni. Timagula beseni lonse, koma pakangopita masiku atatu theka lachita madontho akuda. Tisafulumire kunena kuti wogulitsa watipusitsa. Amenewa ndi matenda a chuku otchedwa anthracnose. Chukucho chimagwira chipatso chikadali mumtengo, n'kubisala m'khungu mpaka chipatsocho chitayamba kupsa.

Ife amene tidagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa kuti si tizilombo tonse timene timadwalitsa. Tina m'matumbo mwathumu timatiteteza. Ndi zipatsonso chimodzimodzi. Ku South Africa, akatswiri a pa yunivesite ya Pretoria adapeza kuti kachilombo kotchedwa Bacillus subtilis, akakapopera pa mitengo ya mapeyala, kamalanda malo ndi chakudya cha chuku, chukucho n'kulephera kukula. Mankhwalawo adawatcha Avogreen.

Pakhomo pathu zimenezo tilibe. Koma tingathe kusiya mango ogwetsedwa ndi miyala, chifukwa bala limafulumizitsa kuola. Abwinowo tiwaviike mphindi 5 m'madzi a madigiri pafupifupi 52: makapu 2 a madzi owira pa makapu 3 a pampopi. Tiwaumitse, tiwayale pamthunzi osawaunjika, ndipo bango loyamba madontho tilichotse tsiku lomwelo.