Chuku cha mtedza: chifukwa chake wasayansi amafuna kalabu ya alimi

M'phunziro la Agriculture mumapatsidwa mndandanda wa mabungwe othandiza alimi, ndipo ambiri mumangouloweza kuti mukhoze mayeso basi. Ine ndikufuna tione chimene mabungwewa amachita kwenikweni akagwirizana ndi magulu a alimi, ndiponso pamene sayansi imalowerapo. Ndasankha mbewu imene tonse timaidziwa: mtedza.

Vuto lake ndi lotani?

M'dothi muli nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus. Ikalowa mu mtedza kapena m'chimanga imapanga poizoni wotchedwa aflatoxin. Alangizi akamalankhula ndi alimi amangoti chuku. Asayansi anamutulukira poizoniyu pambuyo pa mliri wa mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil.

Mwa munthu, aflatoxin amawononga chiwindi. Akalowa wambiri nthawi imodzi amapha: mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chachuku. Akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi kachirombo ka hepatitis B. Kafukufuku waonetsanso kuti ana amene amadya zakudya zachuku kawirikawiri amakonda kupinimbira.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna muzigwire bwino. Choyamba, kukazinga kapena kuphika sikuthetsa poizoniyu. Moto umapha nkhungu, koma aflatoxin wambiri amatsala. Chachiwiri, mtedza ukhoza kuoneka wabwinobwino m'maso uli naye.

Ndiye chifukwa chake mayiko ogula amaika malire okhwima. Ku European Union, mtedza wogulitsidwa kuti anthu adye suyenera kupyola 4 ppb. Mawu akuti ppb akutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni. Tiyeni tiwerengetse: 4 ppb ndi mamaikirogalamu 4 pa kilogalamu, kutanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 musapezeke woposa mamiligalamu 0.2. Mukafuna kuyerekeza ndi nthawi, zili ngati masekondi 4 m'zaka pafupifupi 32. Palibe diso limene lingaone zimenezo, ngakhale la agogo odziwa kusankha mtedza.

Umphawi ukubwerapo bwanji?

Mlimi wa ekala imodzi sangatumize mtedza wake kulabotale. Ngakhale ataumitsa bwino, alibe umboni woti ndi wabwino, choncho venda amamugula pa mtengo womwewo umene akugulira wachinyezi. Ndiye mlimi avutikirenji? Ena amafika powaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, ndiponso kuti ulemere pa sikelo. Madzi amenewo ndiwo chakudya cha nkhungu. Venda akasakaniza matumba a alimi ambiri, mwambi uja umapherezera: nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Wogula wakunja akapima n'kupeza chuku amakana katundu yense, ndipo msika wolipira bwino umatsekekera aliyense, wosamala ndi wosasamala yemwe.

Mwaona kuti vutoli lili pawiri? Mbali ina ndi ya Biology ndi Chemistry, mbali ina ndi ya msika.

Aliyense amabweretsa chiyani?

Bungwe la alimi ang'onoang'ono la NASFAM linakhazikitsidwa mu 1997. Linachokera ku pulojekiti imene boma la America linkalipira kudzera ku USAID, ndipo poyamba linkathandiza alimi a fodya wa bale. Pambuyo pake linayamba kulimbikitsanso mtedza, mpunga, soya ndi tsabola. Maziko ake ndi kalabu ya alimi 10 mpaka 15 a mudzi umodzi. Makalabu akaphatikizana amapanga asosiyeshoni ya dera, monga MASFA ya ku Mchinji.

Mbali inayo kuli ICRISAT, bungwe lofufuza za mbewu za kumadera ouma. Likulu lake lili ku India, koma kuno kwathu limagwirira ntchito ku Chitedze, kufupi ndi Lilongwe. Asayansi a bungweli anakonza njira yotsika mtengo yopimira aflatoxin pogwiritsa ntchito luso lotchedwa ELISA. Mukukumbukira ma antibody a mu Biology, asilikali aja amene aliyense amagwira mdani wa mtundu umodzi wokha? Mu ELISA amagwiritsa ntchito ma antibody ogwira aflatoxin yekha. Amapera mtedza, kuusungunula m'mankhwala, n'kudonthezera madziwo m'timaenje ta kambale kapulasitiki. Mtundu umene umatuluka m'timaenjemo ndiwo umasonyeza kuchuluka kwa poizoni.

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Chuku sichifalikira mofanana m'thumba. Njere zochepa chabe zikhoza kunyamula pafupifupi poizoni yense wa m'thumbamo. Ukatapa dzanja limodzi pamwamba n'kukapima, ukhoza kupeza ziro pamene pansi pali zoopsa. Pamafunika kutapa malo ambiri, m'matumba ambiri, n'kusakaniza usanapime. Komanso zotsatira zimakhala ndi phindu pokhapokha ukudziwa kumene mtedzawo wachokera. Wasayansi wa ku Chitedze sangayendere nyumba iliyonse ya ku Mchinji. Koma ngati matumba alembedwa dzina la kalabu ndi malo ogulira, chuku chikapezeka amadziwa mudzi wofunika kupitako mlangizi, ndipo matumba oipawo amapatulidwa asanaononge ena. Kaundula wa kalabu ndi chida cha sayansi ngati mmene kambale ka ELISA kalili.

Wachitatu pa mgwirizanowu anali wogula. Bungwe la zamalonda la ku Britain lotchedwa Twin linathandiza alimi a MASFA kupeza chiphaso cha Fairtrade mu 2004, ndipo mtedza wa ku Mchinji unayamba kugulitsidwa m'masitolo akuluakulu a ku Britain. Mu Fairtrade, pamwamba pa mtengo wa katundu pamabwera ndalama ina yapadera imene gulu lonse limagwirizana chochita nayo. Apa tsopano mlimi anakhala ndi chifukwa choumitsira bwino mtedza wake.

Zimene kalabu imaphunzitsa

Malangizo ake ndi osavuta, koma lililonse lili ndi sayansi kumbuyo kwake. Bzalani ndi mvula yoyamba ndipo tsekani mizere kuti isunge madzi, chifukwa ng'amba ya kumapeto kwa nyengo imafooketsa mbewu n'kung'ambitsa makoko, nkhungu n'kupeza polowera. Kumbani pa nthawi yake, mosamala kuti khasu lisavulaze makoko, ndipo thanani ndi chiswe. Musayanike padothi. Alangizi amaphunzitsa kuunjika mitengo ya mtedza mozungulira n'kusiya mpata pakati kuti mphepo izidutsa, njira imene amaitcha Mandela. Mtedza uume mpaka uzilira m'makoko mukaugwedeza. Sungani osaswa, pamalo ouma, matumba asagunde pansi. Ndipo musawaze madzi poswa.

Funso limene limandivutitsa

Tikasankha mtedza wabwino n'kuutumiza kunja, wotsalawo umapita kuti? Wonyala, wosweka ndi wothimbirira uja nthawi zambiri sutayidwa. Umasinjidwa kukhala nsinjiro zotendera ndiwo, umathiridwa m'phala la mwana, kapena umagulitsidwa motchipa kwa opanga chiponde. Mwanjira imeneyi poizoni amene tamuchotsa m'mbale ya mzungu amadzaunjikana m'mbale ya mwana wa mlimi yemweyo. Ine ndimaona kuti mgwirizano umene ukuwerenga matani otumizidwa kunja okha, osayang'ana chimene chikudyedwa pakhomo, wagwira theka la ntchito. Ndalama za mtedza zikathera kuchipatala, umphawi sunachoke.

Pali chinanso. Thandizo lakunja limatha. Mu 2025 boma la America linatseka USAID, bungwe lomwe lija linathandiza kuyambitsa NASFAM. Pulojekiti ikatseka, galimoto ndi maalawansi zimapita. Chotsala ndi chimene alimi eni ake angathe kuchiyendetsa: kalabu yosunga kaundula, luso loumitsa, ndi malonda obweretsa ndalama zolipirira kupima. NASFAM ili ndi nthambi yakeyake yamalonda, ndipo mpunga wa Kilombero wa dzina lake mumauona m'masitolo. Mukamva za pulojekiti iliyonse m'dera lanu, funsani kuti: eni ndalama akachoka, chidzatsale n'chiyani?

Yesani izi

Tapani njere 100 za mtedza wa kunyumba kapena wa kumsika. Patulani zonyala, zosweka, zoboola ndi zosintha mtundu, muwerenge kuti ndi zingati pa 100. Bwerezani katatu, mukutapa pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba. Manambala anu akasiyana, mwaona nokha chifukwa chake kutapa dzanja limodzi sikukwanira. Kumbukirani kuti uku si kupima aflatoxin, koma njere zoterezi ndizo zimakonda kukhala naye wambiri. Zimene mwapatulazo zikwirireni. Musadye, musasinje, ndipo musapatse nkhuku.