Mantha a Mbewa Amayambira M'mimba: Phunziro kwa Alangizi a Madera Olima Tiyi

Mawu Oyamba

Ku chigwa cha Honde m'boma la Mutasa ndiponso ku Chipinge, kum'mawa kwa Zimbabwe, minda ya tiyi yachita malire ndi nkhalango, nthochi ndi timinda ta chimanga ta antchito. Ena mwa antchitowa ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Ku Chipinge tiyi anayamba kubzalidwa mu 1924 pa esiteti ya New Year's Gift, ndipo lero kumalimidwanso makademiya ndi mapeyala. Mbewa sizilabadira masamba a tiyi, koma mitengo yake yothithikana imazipatsa pobisala. Usiku zimatuluka kukafukula mbewu yobzala kumene ndi kukaboola nkhokwe. Zimenezi n'zodziwikanso ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Gurué.

Mbewa yovuta kwambiri m'minda ndi kapuku, amene akatswiri amamutcha Mastomys natalensis. Bere lake limatenga masiku 23 okha, ndipo kawirikawiri amaswa ana 10 kapena kuposerapo. Nyama yoswana chotere sitingaithe ndi misampha yokha. Choncho m'phunziro lino tiona mbali ina ya ntchito ya adani a mbewa, monga kadzidzi, mphamba, njoka, nyenga ndi mphaka. Adaniwa amadya mbewa, komanso amaopseza zimene zapulumuka, ndipo manthawo amafika mpaka kwa ana.

Zimene Ofufuza Anapeza

Mu 2015 Sophie St-Cyr ndi Patrick McGowan a ku University of Toronto, ku Canada, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Ankanunkhizitsa fungo la nyama zolusa kwa mbewa zoweta zokhala ndi bere. Ana obadwawo atakula ankalipewa fungo la adani koposa anzawo, ndiponso matupi a ana aakazi ankatulutsa timadzi tambiri ta mantha totchedwa corticosterone.

Njira zake zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya magazi: make akakhala mwamantha, timadzi tija timachuluka, ndipo tina timafika kwa ana ali m'mimba pamene ubongo wawo ukuumbidwa. Yachiwiri ndi ya kaleredwe. Mu 2004 gulu la Michael Meaney ku McGill University, ku Montreal, linaonetsa kuti ana a makoswe amene make amawanyambita kawirikawiri amakula odekha, pamene onyambitidwa pang'ono amakula amantha.

Nayenso tate ali ndi gawo lake. Mu 2014 Brian Dias ndi Kerry Ressler a ku Emory University, ku Atlanta, anaphunzitsa mbewa zazimuna kuopa fungo la mankhwala otchedwa acetophenone. Ana ndi zidzukulu za mbewazo ankalimva msanga fungolo ngakhale kuti anali asanakumanepo nalo.

Umboni wa M'minda ya Kuno

Zimene tafotokozazi zinachitikira m'nyumba zoyesera. Koma m'minda ya kuno kwathu nako mantha amasintha kadyedwe ka mbewa. Ku Morogoro, m'minda ya chimanga ya Sokoine University of Agriculture, kunaoneka kuti kapuku amadya kwambiri pamalo ophimbika ndipo amasiya chakudya chambiri poyera. Lipoti la mu 2006 la komweko linaonetsa kuti m'zigawo zotchingidwa ndi ukonde kuti mbalame zolusa zisalowe, mbewa zinachuluka msanga. Koma mitengo yoteramo mbalame ndi mabokosi a akadzidzi pazokha sizinathetse mbewa.

Ku Swaziland, kumene tsopano kumatchedwa Eswatini, Themb'alilahlwa Mahlaba ndi anzake anayendera makomo 40 akumudzi. Mu 2017 analengeza kuti pamakomo okhala ndi mphaka ndi galu pamodzi makoswe ankayenda mochepa, koma mphaka yekha kapena galu yekha sanasinthe zinthu kwenikweni.

Tanthauzo Lake pa Ntchito Yathu

Choyamba, kadzidzi asaphedwe. M'midzi yambiri mbalameyi amaiganizira za ufiti ndi maliro, ndipo mlangizi aikambe nkhaniyi mwaulemu, poyambira kwa mafumu ndi akapitawo a pa esiteti. Alimi auzidwe kuti chakudya chachikulu cha kadzidzi ndi mbewa zomwe zikuwathera chimanga.

Chachiwiri, adani amathandiza pokhapokha mbewa zikasowa pobisala. Lambulani udzu pakati pa mzere womaliza wa tiyi ndi munda wa chimanga, ndiponso kuzungulira nkhokwe. Mukatero zikani mitengo yoteramo mbalame m'mphepete mwa munda.

Chachitatu, samalani ndi poizoni. Mankhwala oletsa magazi kuundana amatsalira m'thupi la khoswe, ndipo kadzidzi kapena mphaka akamudya nayenso akhoza kufa. Ponena za zinc phosphide, mbewa imene yalawa pang'ono n'kupulumuka imakana nyamboyo ulendo wina.

Chachinayi, mbewa yochenjera imavutanso kukola. Ikani nyambo pamsampha wosatchera kwa masiku awiri kapena atatu kuti izolowere. Alimi oyandikana atchere pamodzi, mvula isanagwe, mbewa zisanayambe kuswana.

Ntchito Yoyesera

Tengani mbale zinayi zofanana, muthiremo mchenga, ndipo mu iliyonse musakanizemo njere 50 za mapira. Madzulo ikani ziwiri pansi pa tiyi ndi ziwiri poyera. M'mamawa, mbalame zisanayambe kutola, sefani mchenga ndi kuwerenga njere zotsala. Pamene patsala zambiri ndi pamene mbewa zikuopa. Chitani zimenezi masiku asanu, ndipo mubwerezenso mutalambula udzu ndi kuzika mitengo. Lembani tsiku, malo ndi kuwala kwa mwezi, pakuti mbewa zambiri zimachepetsa kuyenda mwezi ukawala.

Mafunso Okambirana

1. Tchulani njira ziwiri zimene mantha a make amafikira kwa ana.
2. N'chifukwa chiyani mitengo yoteramo mbalame siikwanira payokha?
3. Mungamuyankhe bwanji mlimi amene akufuna kupha kadzidzi womanga chisa pafupi ndi nkhokwe yake?