Mitsuko ya Mai Wamasiye: Kufunira Ana Athu Thandizo la Sukulu

Kuwerenga: 2 Mafumu 4:1-7



Phunziro lathu la mwezi uno likhudza cinthu cimene cimasowetsa tulo ambiri a ife. Mwana wakhoza mayeso, dzina lake latuluka, anansi abwera kudzaimba nthungululu, koma usiku inu mwagona maso ali gwa cifukwa m'nyumba mulibe ndalama yomupititsira patsogolo. Yambani mwawerenga ndimeyi mokweza pa gulu, kenaka tiyende nayo pamodzi.

Mai wa m'nkhaniyi anali mkazi wa mmodzi wa ana a aneneri, mwamuna woopa Mulungu. Mwamunayo anamwalira nasiya nkhongole, ndipo mwini nkhongoleyo anali m'njira kudzatenga ana awiri a maiyo kuti akhale akapolo ake. Taonani kuti kuopa Mulungu sikunatseke khomo kuti umphawi usalowe. Lero palibe amene amabwera ndi cingwe kudzamanga ana athu, koma otenga ana alipo ndithu. Mtsikana akakhala pakhomo caka cimodzi osapita ku sukulu, pamabwera mwamuna wofunsira mbeta, kapena wacibale wa ku Lusaka wofuna wolera ana. Mnyamata amatengedwa ndi ganyu wa m'minda ya fodya, kapena ndi anzake a pa siteshoni. Akapita, kubwerera ku sukulu kumavuta.

Cinthu coyamba cimene maiyo anacita ndi kukaulula vuto lake kwa Elisa. Sanakhale m'nyumba kumalira yekha. Apa ndi pamene ambiri a ife timagwera. Timacita manyazi kuti anthu adzadziwa kusowa kwathu, kapena timaganiza kuti thandizo la boma ndi la okhawo amene ali ndi acibale m'maofesi. Sindikukana kuti tsankho limacitika. Koma ndaona ana ambiri amene anakhala pakhomo osati cifukwa anakanidwa, koma cifukwa panalibe amene anawalembera fomu. Akulu anati safunsa anadya phula.

Makomo amene mungagogode

Tiyambe ndi zimene zinasintha, cifukwa ena a ife tikali kuganiza monga kale. Mu 2002 boma linacotsa malipiro a sukulu kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 7. Mu Januwale 2022 maphunziro aulere anafika mpaka Giredi 12 m'sukulu za boma. Ici n'cinthu cacikulu ndipo tiyenera kuyamika. Koma mai aliyense amene anatumizako mwana ku sukulu yogonera konko adziwa kuti ndalama za cigono ndi cakudya zikali kufunika, kuwonjezapo yunifomu, nsapato, bulangete, sopo ndi ndalama ya basi.

Khomo lapafupi kwambiri ndi thumba la citukuko la dera la phungu wanu, limene tonse timalichula kuti CDF. Mu 2021 dera lililonse linali kulandira K1.6 miliyoni. Mu 2022 ndalamayo inakwera kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 inali K36.1 miliyoni. Anthu ambiri amadziwa CDF cifukwa ca zipinda za sukulu, madesiki ndi mijigo. Koma gawo lina la ndalamayi linapatulidwa kuti lilipirire ana osowa amene apatsidwa malo ku sekondale yogonera konko, ndiponso acinyamata ofuna kuphunzira nchito zamanja, monga kusoka, ukalipentala, kumanga, zamagetsi ndi ulimi, m'masukulu ovomerezedwa ndi TEVETA. Fomu ndi yaulere. Imadutsa ku komiti ya citukuko ya wadi yanu, imene amati WDC, isanapite ku khonsolo. Anthu a m'komitiyi si alendo ai. Ena mumakhala nao pa benci limodzi m'chalichi. Kodi mukuwadziwa maina? Ngati simuwadziwa, khansala wanu kapena anyakwawa adzakuuzani.

Ndilankhuleko pang'ono za nchito zamanja, cifukwa pali kamtima kena pakati pathu koona ngati mwana wopita ku sukulu ya nchito zamanja walephera. Ndi angati omaliza digiri amene ali pakhomo kudikira nchito, pamene mnzao amene anaphunzira kuwocerera zitsulo akulipirira ang'ono ake sukulu? Musamunyozetse mwana njira imene Mulungu wamutsegulira.

Khomo laciwiri ndi ofesi ya Social Welfare pa boma. Kuyambira mu 2016 pakhala pulogalamu yochedwa Keeping Girls in School, yothandiza atsikana a ku sekondale ocokera m'mabanja olandira Social Cash Transfer. Ngati banja lanu, kapena la agogo ena a mumpingo amene akulera adzukulu, lili m'kaundula ameneyu, pitani mukafunse ngati mtsikanayo analembedwa. Palinso mabungwe monga FAWEZA ndi CAMFED amene amathandiza atsikana. Sagwira nchito m'maboma onse, ndipo kawirikawiri amadzera ku sukulu, conco ofunsa ndi aphunzitsi aakulu kapena aphunzitsi a Guidance. Ndipo musaiwale kuti kuyambira mu 1997 lamulo la sukulu limalola mtsikana amene anatenga pakati kubwerera m'kalasi akabereka. Cimo tilidzudzule monga mpingo, koma mwanayo tisamutsekere sukulu.

Khomo lacitatu ndi la amene amaliza Giredi 12 ndipo apatsidwa malo ku yunivesite ya boma, monga UNZA, Copperbelt, Mulungushi, Kwame Nkrumah kapena Chalimbana. Akulu a ife timakumbuka Bursaries Committee. Imeneyo inalowedwa m'malo ndi bungwe la HELSB, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016. Ici mucimvetse bwino: cimene HELSB imapereka kwa ophunzira a m'dziko muno ndi nkhongole, si mphatso. Mwana ayenera kuyamba wapeza malo ku yunivesite, ndipo pambuyo pake apemphe nkhongoleyo m'masiku amene bungweli lalengeza. Bungwe lomweli ndi limene limalengezanso malo a maphunziro operekedwa ndi maiko ena, monga Russia, China, Algeria ndi Morocco. Zilengezo zimenezi zimatuluka m'manyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo masiku ake amakhala owerengeka. Ngati inu simudziwa za intaneti, palibe colakwa. Pezani wacinyamata wokhulupirika wa mumpingo kuti aziyang'anira.

Muli ndi ciani m'nyumba?

Elisa sanayambe ndi kupereka ndalama. Anayamba ndi kufunsa maiyo cimene anali naco m'nyumba, ndipo iye anayankha kuti analibe kanthu kupatula kamafuta pang'ono. Kamafuta kameneko, kamene iye anakayesa kacabe, ndi kamene Mulungu anagwiritsa nchito.

Kamafuta kanu ndi mapepala. Pano ndikhalitsapo, cifukwa ana ambiri amagwera apa. Pafupifupi khomo lililonse lidzafuna zotsatira za mayeso, kalata yosonyeza kuti mwana wapatsidwa malo, citupa ca NRC ca kholo kapena womulera, ndi ca mwanayo ngati wakwanitsa zaka 16. Ngati ndi wamasiye, adzafuna umboni wa imfa ya kholo. Kumidzi ambiri a ife timaika maliro popanda kutenga cikalata ciliconse, ndipo patapita zaka khumi timasowa cosonyeza. Pamenepo kalata ya amfumu kapena ya a Social Welfare imathandiza, koma imafuna nthawi. Simungaipeze tsiku lotsekera mafomu.

Mumpingo wina umene ndinatumikirako munali mtsikana wanzeru, woleredwa ndi ambuye ake. Ku sukulu analembetsa ndi dzina la atate ake omubereka. Pokatenga NRC, amalume ake anamulembetsa ndi dzina la ciwongo ca kucikazi. Palibe amene anaona vuto kufikira tsiku lopereka mapepala, pamene anauzidwa kuti satifiketi ndi citupa ndi za anthu awiri osiyana. Pamene ankatsiriza kukonza ndi kalata yolumbirira, nthawi inali itatha, ndipo caka conse cinapita. Mwa cisomo ca Mulungu caka cotsatira analowa, koma m'caka codikiraco panabwera amuna awiri odzafunsira, ndipo ambuye ake anatsala pang'ono kuvomera.

Conco lero lomwe mukafika kunyumba, tulutsani mapepala a ana anu. Yerekezani dzina ndi dzina, cilembo ndi cilembo, tsiku lobadwa ndi tsiku lobadwa. Pangani mafotokope, ndipo kumene afuna odindidwa, kadinditseni kwa a Commissioner for Oaths. Mapepala enieniwo musapatse munthu kuti apite nao. Asungeni m'pulasitiki, pamalo pamene ciswe, makoswe ndi denga lodontha sizingafike. Ambiri a ife timasamala yunifomu ya Cigwirizano kuposa satifiketi ya mwana.

Elisa anauza maiyo kuti akabwereke mitsuko yopanda kanthu kwa anansi ake onse, ndipo anamucenjeza kuti isakhale yocepa. Mafuta analeka kutuluka pamene mitsuko inatha, osati pamene mphamvu ya Mulungu inatha. Inunso musadalire fomu imodzi. Opempha ndi ambiri ndipo ndalama sizikwanira onse. Lembani ku CDF, funsani ku Social Welfare, lankhulani ndi aphunzitsi aakulu, uzani Abusa ndi akulu a mpingo. Mukakanidwa, funsani mwaulemu cifukwa cake ndipo muyesenso caka camawa. Ndipo muyambe msanga. Kufunsa za fomu mu Januwale, sukulu zitatsegulidwa, kuli ngati kufuna mbeu mvula itagwa kale. Pitani kwa a WDC miyezi ya cilimwe mukafunse tsiku limene mafomu adzatuluka.

Misampha iwiri

Woyamba ndi wa akuba. Mudzalandira uthenga pa foni kapena mudzaona pa Facebook kuti mwana wanu wasankhidwa kukaphunzira kunja, ndipo mungotumiza ndalama pang'ono ya fomu pa nambala yakuti. Musatumize. Ngati simunapemphe, mwasankhidwa bwanji? Thandizo loona silidzera pa nambala ya foni ya munthu. Cimodzimodzi amene anena kuti mumupatse kangacepe kuti akankhe dzina la mwana wanu. Ndipo ngati wina, kaya ndi wa mu ofesi kaya ndi mphunzitsi, auza mtsikana wanu kuti abwere yekha madzulo kudzakambirana za bursary, mupite naye inu.

Waciwiri ndi wa mumtima mwathu. Popeza ana amasiye amaganiziridwa msanga, ena amalemba kuti atate a mwana anamwalira pamene ali moyo, napempha Abusa kapena anyakwawa kuti asaine. Ena amene ali ndi malipiro a pamwezi ndi ng'ombe m'khola amalembetsa ana ao monga osowa. Amai, limeneli ndi bodza, ndiponso ndi kuba, cifukwa malo amene mwatengawo anali a mwana wa mai wamasiye amene mumakhala naye m'Cigwirizano. Musaike Abusa anu pa mayesero otere.

Mafuta atadzaza mitsuko, Elisa anauza maiyo kuti akagulitse, alipire nkhongole, ndipo zotsala adye ndi ana ake. Kulipira kunali patsogolo. Kuyambira mu 2018 boma lakhala likudula pa malipiro a amene anaphunzira ndi nkhongoleyi kucokera mu 2004, ndipo ndalama zobwezedwazo zimaphunzitsa ana ena. Ngati mwana wanu anamaliza ndipo akugwira nchito, kaya ndi ya boma kaya ndi yake, mukumbutseni kuti abweze. Ndipo amene akulandira bursary lero mumuuze kuti akalephera m'kalasi thandizolo likhoza kuimitsidwa.

Anansi obwereketsa mitsuko

M'nkhaniyi muli anthu amene sitiwachula kawirikawiri: anansi. Akanakana ndi mitsuko yao, mafuta akanathiridwa kuti? Anansiwo ndife a Cigwirizano. Pakati pathu pali aphunzitsi, anamwino, opuma pa nchito za boma, odziwa Cingerezi ca pa mafomu. Palinso agogo amene sadziwa kulemba dzina lao koma akulera adzukulu asanu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Timadziwa kusonkha ufa ndi nkhuni pa maliro, ndipo timacita bwino. Koma bursary ikalipira cigono, mwana amafunabe thiranki, ndowa, bulangete ndi ndalama ya ulendo, ndipo zimenezi gulu la amai makumi atatu lingazikwanitse popanda kudikira boma.

Pokambirana, yankhani mafunso awa. Kodi ndi ciani cimene cimatiletsa kuulula kusowa kwathu ngakhale kwa alongo athu mwa Khristu? Mungamuyankhe bwanji mnzanu amene akupemphani kuti mumucitire umboni wabodza pa fomu?

Musanabalalike, Amai Busa kapena atsogoleri asankhe amai awiri. Mmodzi alembe maina a ana onse a mumpingo amene akulemba mayeso caka cino ndi amene anakhoza koma ali pakhomo, mudzi ndi mudzi, osasiya a mabanja amene sabwera ku Cigwirizano. Winayo apite kwa a WDC ndi ku Social Welfare akafunse masiku a mafomu ndi mapepala ofunika. Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere ndi mapepala a ana ake m'pulasitiki, kuti odziwa kuwerenga awayang'ane. Potseka, pemphererani anawo powachula maina mmodzimmodzi.